Masensa pa milatho ya zingwe: nkhani yagona pa malo

Mlatho wa zingwe, umene msewu wake umagwiriziridwa ndi zingwe zachitsulo zotsika mopendekeka kuchokera pa nsanja zazitali, kawirikawiri umawonongekera pamene diso la woyendera silifika, monga m'kati mwa chingwe chokutidwa kapena pamene chingwecho chamangiriridwa. Mlatho wa Morandi, mumzinda wa Genoa ku Italy, unagwa pa 14 Ogasiti 2018 n'kupha anthu 43, ndipo zingwe zake zinali zokutidwa ndi konkire, moti dzimbiri linkadya mawaya am'kati osaoneka.

Ku Hong Kong, nthambi ya boma yoona za misewu yakhala ikuika masensa, tizipangizo toyeza ndi kutumiza zoyezedwazo ku kompyuta usana ndi usiku, pa milatho ya Kap Shui Mun, umene unatsegulidwa mu 1997, Ting Kau wa mu 1998, ndi Stonecutters wa mu 2009, umene mpata wa pakati pa nsanja zake ndi mamita 1,018. Masensa oyeza mphepo amakhala pamwamba pa nsanja ndi m'mbali mwa msewu, popeza dera limeneli limawombedwa ndi namondwe, ndipo malo awo savuta kusankha.

Mutu umakula ndi masensa oyeza kunjenjemera. Mlatho umagwedezeka m'njira zingapo nthawi imodzi, iliyonse ndi liwiro lake, ndipo njira iliyonse ili ndi malo amene sasuntha n'komwe. Pamene mbali imodzi ya msewu ikukwera inayo ikutsika, pakati penipeni pamakhala chiimire, choncho sensa yoikidwa pamenepo, ngakhale ikhale yodula chotani, siimva kanthu za kugwedezeka kumeneko. N'chifukwa chake mainjiniya amayamba apanga chithunzi cha mlathowo pa kompyuta, n'kusankhapo malo ambirimbiri, kenako n'kumachotsa limodzilimodzi malo amene sakuwonjezera chidziwitso chatsopano kufikira atatsala ogwirizana ndi ndalama zimene zilipo. Njira imeneyi anaifotokoza Daniel Kammer mu 1991, ngakhale kuti iye ankaganizira za zomangidwa zazikulu za m'mlengalenga, osati milatho.

Chingwe chimayezedwa mwanjira yosavuta kumvetsa, pakuti chimachita ngati nsambo ya gitala: chikakungika chimanjenjemera mofulumira, chikakhwefuka liwiro limatsika, ndipo kasensa kamodzi komangidwa chakumunsi, pafupi ndi msewu, kamathandiza kuwerengera katundu amene chasenza. Koma masensa oyeza kutamuka kwa chitsulo amaona pafupi pokha, moti mng'alu umene uli mamita ochepa kuchokera pamene amatidwa ukhoza kukula osadziwika. Awa amayenera kukhala pa zolumikizira zowotcheredwa, pamene magalimoto olemera amatopetsa chitsulo.

Chimene ambiri amachipeputsa ndi kutentha. Kusintha kwa nyengo kumasuntha liwiro la kugwedezeka kwa mlatho, nthawi zina kuposa mmene kuduka kwa mawaya angapo kungachitire, kotero kuti manambala a masensa ena onse sadalirika ngati palibe oyeza kutentha m'chitsulo, m'konkire ndi m'phula, komanso kaundula wa chaka chathunthu wa mlathowo uli wabwinobwino. Milatho yatsopano imapeza kaundula ameneyu kuyambira tsiku lotsegulira, pamene yakale, imene ikufunika kwambiri kuyang'aniridwa, imayamba kuyezedwa dzimbiri litalowa kale.