Musanamange katundu wobwerera kumudzi, lioneniko dziko munakhalamolo

Tsiku lina ndili pa depoti ya Wenela ku Blantyre kudikira mlamu wanga wochokera ku Joni, ndinacheza ndi mayi wina amene anali atangotsika basi pamodzi ndi amuna ake ndi ana awiri. Katundu anali mbwee: firiji, matiresi awiri, wailesi ya kanema, ndi zikwama zamizeremizere zija zosawerengeka. Banjali linakhala ku Cape Town zaka 9. Pofuna kukometsa macheza ndinafunsa kuti, “Nanga pamwamba pa phiri la Table Mountain lija pamaoneka bwanji, mayi?”

Mayiyo anaseka, koma kuseka kwake kosachokera pansi pa mtima. Ati phirilo ankaliona m’mawa uliwonse pawindo la takisi popita kokachapa kwa abwana, koma phazi lake silinapondeko. Chaka chilichonse ankati tidzapita pa Khirisimasi. Mwezi womaliza atakumbutsa, abambo anayankha kuti ndalama yokwerera phiri ndi yomweyo ya malata atatu. Anakangana, ndipo mpaka pa Wenela paja nkhaniyo inali isanazizire.

Inu amene muli ku Joni, ku Cape Town kapena ku Durban ndipo mwayamba kuwerenga masabata oti mubwerere kumudzi, nkhaniyi ndi yanu. Inunso makolo amene mukuimba foni usana ndi usiku kuitanitsa zinthu, musatembenuze tsambali.

Abambo aja sitingawaweruze msanga. Mwamuna aliyense amene wakhalitsa kunja amaopa chinthu chimodzi: kufika kumudzi chimanjamanja, anthu n’kumanong’onezana kuti zaka zonsezi amakatani. Ndiye miyezi yomaliza imathera m’masitolo ndi kwa matransipota. Koma mayi nayenso sakupempha zachibwana. Munthu wapukuta mawindo a eni ake zaka 9, ndipo akudziwa kuti akangodutsa pa Beitbridge mwina sadzabweranso. Akufuna tsiku limodzi loti m’dzikomo akhale mlendo wodzaona malo, osati wantchito.

Langizo langa n’lakuti khalani pansi nonse awiri kudakali miyezi itatu, ndipo ndalama muigawe patatu. Gawo loyamba ndi la basi, katundu ndi msonkho wa pachipata cha Mwanza. Lachiwiri, lomwe likhale lalikulu, ndi loyambira moyo kumudzi, ndipo limeneli musalikhudze zivute zitani. Lachitatu, ngakhale lichepe bwanji, likhale lotsanzikira dziko. Mukagwirizana kuti ndi marandi mwakuti, nkhani yatha, palibenso wonena mnzake kuti ngowononga. Ngongole yokha ayi. Osakongola ndalama yokaonera nyanja.

Musanaganize za phiri, yang’anani kaye mapepala. Kuyambira mu 2014, munthu amene wapitirira masiku ake ku South Africa amaletsedwa kulowanso m’dzikomo: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati apyola pamenepo. Choncho musawonjezere sabata yokayenda pamwamba pa tsiku limene chilolezo chanu chikutha. Ngati pasipoti inatayika kapena inatha, pitani msanga ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg. Ana obadwira konko muwatengere setifiketi yakubadwa, kabuku ka kusikelo ka Road to Health, ndi malipoti a kusukulu. Kumbukiraninso kuti sukulu kumeneko zimayamba Januwale pomwe kwathu kuno zimayamba Sepitembala, ndiye mwezi wonyamukira muusankhe mwana ali m’maganizo.

Zimenezi zikalongosoka, yambani ndi zapafupi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Simungamalize dziko lonse m’masabata awiri. Sankhani malo awiri kapena atatu basi.

A ku Joni, Soweto ili pakhomo panu. Mumsewu wa Vilakazi ku Orlando West muli nyumba ya nambala 8115 imene ankakhala Nelson Mandela, ndipo chapafupi pomwepo ndi pamene ankakhala Bishopu Desmond Tutu. Msewu umodzi, anthu awiri olandira mphotho ya mtendere ya Nobel. Kuyenda pang’ono mufika pachikumbutso cha Hector Pieterson, mnyamata amene anawomberedwa pa 16 Juni 1976 ana asukulu akuchita zionetsero zokana kuphunzitsidwa m’Chiafrikaans. Ana anu akhala akupuma tsiku limeneli chaka ndi chaka. Akaone ndi maso kumene linachokera. Ngati thumba lalola, akwezeniko Gautrain, sitima yothamanga ija inayamba mu 2010. Ngati lakana, kapinga wa ku Union Buildings ku Pretoria salipiritsa, ndipo pali chiboliboli cha Mandela chotalika mamita 9. Tengani mpunga ndi nkhuku m’kontena mukadyere pomwepo.

Mukamayenda mumzindamo n’kumaona zimilu za dothi lachikasu zija, awuzeni ana kuti limenelo ndi dothi la m’migodi ya golide, ndipo ena mwa amene analifukula ndi agogo awo. Amalawi zikwizikwi ankapita kumeneko pa Wenela, ndipo dzina la depoti ya ku Blantyre ija linachokera pamenepo. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown, m’dziko la Botswana, n’kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu anaimitsa zolemba anthu ntchitoyi. Ambiri mwa madala amenewo Joni anaidziwa ya pansi pa nthaka ndi ya m’komponi, n’kubwerako ndi njinga, jekete ndi chifuwa. Inu muli ndi mwayi umene iwo analibe.

A ku Cape Town, phiri lija n’lotalika mamita pafupifupi 1,085. Kunena zoona Sapitwa wathu wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, amaliposa kutalitali, koma Sapitwa alibe kangolo koyenda pachingwe kokufikitsani pamwamba m’mphindi zisanu zokha. Kukachita mphepo kangoloko sikayenda, chimodzimodzinso boti lopita ku Robben Island, chilumba chimene Mandela anakhalako zaka 18 mwa zaka 27 za ukaidi wake. N’chifukwa chake ulendowu musausungire sabata yomaliza. Nyengo ikakana mudzasowa tsiku lina. Amiyendo yolimba akhoza kukwera wapansi kudzera njira ya Platteklip Gorge osalipira kanthu, koma pitani pagulu, m’mamawa, mutanyamula madzi ndi juzi. Mukatsikira kudoko, kumbukirani kuti kumeneko ndi kumene Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay, anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU mu 1919.

Za nyanja ndinenepo pang’ono, poti ife timadzitama kuti tinakulira ku Salima ndi ku Mangochi. Nyanja yamchere si nyanja yathu. Ili ndi mafunde amene amakoka munthu kupita naye pakati ngakhale akhale katswiri. Sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pomwe pali opulumutsa anthu, ndipo mwana asachoke m’maso mwanu.

Kudya nakonso n’kuona dziko. Alipo anzathu amene akhala ku Durban zaka zambiri akudya nsima ndi usipa wotumizidwa pabasi, osalawako bunny chow, buledi woboola pakati wothiramo kale wa tsabola. Ku Soweto kuli kota, ku Cape Town kuli Gatsby woti banja lonse kugawana mmodzi, ndi nsomba ya snoek yowotcha. Amayi, funsani mnzanu woyandikana naye nyumba akuphunzitseni chakalaka musananyamuke. Ana akadzayamba kupukwa kumudzi, mphika umenewo udzakuthandizani kuposa mawu.

Paja ana ndiwo amaiwalika kwambiri pa nkhani imeneyi. Kwa inu mukupita kwanu, koma kwa mwana wobadwira ku Tembisa, amene amalota m’Chizulu, mukumuchotsa kwawo. Musamudzidzimutse ndi matikiti. Muuzeni kudakali nthawi, ndipo mwana aliyense asankhe chinthu chimodzi choti achite asanachoke. Mudzadabwa: mwina sadzatchula phiri kapena chilumba, adzangopempha kukasewera mpira komaliza ndi anzake, kapena kukatsanzika aphunzitsi ake. Muloleni, ndipo akalira musamukalipire kuti akulirira dziko la eni.

Tsanzikaninso anthu bwinobwino. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza patsogolo. Lipirani lendi yomaliza, bwezani ngongole ya kusitolo ya pakona, malizani za chipereganyu. Kwa abwana pemphani kalata yochitira umboni ntchito yanu. Alipo amene amathawa usiku poopa kuti anzawo awapatsira katundu wokasiya kumudzi, kapena poopa nsanje. Tsiku lenileni mukhoza kulisunga mumtima, koma gogo wa khomo loyandikana nalo, amene ankakulererani mwana inu muli kuganyu, sayenera kumva kwa ena kuti munapita.

Tsono inu makolo ndi achibale kumudzi: mwana wanu akakutumizirani chithunzi ali kunyanja ndi mkazi wake, musayambe zoti mpongozi akumudyera ndalama. Mndandanda wa mabulangete ndi mafoni uja uchepetseniko. Zambiri mwa zimenezo zikupezeka ku Limbe ndi ku Lilongwe komwe kuno, ndipo akawerengera mtengo wa transipota ndi msonkho, nthawi zina kusiyana kwake kumakhala kochepa.

Zithunzi zimene mujambule m’masiku amenewa, sankhanipo khumi kapena makumi awiri mukatsukitse papepala musanakwere basi pa Park Station. Foni imagwa m’madzi, imabedwa panjira, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ikafika, chimanga chitakwera mtengo, chinthu choyamba kugulitsidwa pakhomo chimakhala foni yomweyo.