Kiki ikalimba ngati mwala, kapena ikangogwa pansi

Tengani pampu ya njinga yakapalasa, mutseke kabowo kake ndi chala, kenako mukankhe. Poyamba imayenda bwino, pakati imayamba kulemera, chakumapeto imakaniratu, ndipo mukaisiya imabwerera yokha. Mukasuntha chala pang'ono, mpweya umatuluka kuti fyee, ndipo mkono umadutsa mosavuta. Kiki ya njinga yamoto ya pisitoni imodzi imalimbana ndi zomwezi.

Pa injini yaing'ono phazi limagonjetsa mpweyawo mosavuta. Koma Yamaha XT500, yomwe inatuluka mu 1976, ili ndi 499 cc mu silinda imodzi, ndipo mpweya wopanikizika mmenemo ungathe kunyamula munthu wamkulu ataimirira pa kiki. N'chifukwa chake anaikapo dikompuresa, kachitsulo kamene kamatsegula pang'ono valavu ya ekizozi. Ndiko kusuntha chala kuja. Pa XT500 ndi SR500 mumakoka nokha kaliva ka pa handulo, ndipo SR500 ya 1978 ili ndi kagalasi pamwamba pa injini koonetsa pamene pisitoni yafika pabwino. Honda pa njinga ngati XL250S ndi XL500S analumikiza kebulo ya dikompuresa ku kiki, kuti valavu izitseguka yokha mukaponda.

Kalizidwe ka njinga yokhala ndi kaliva kamafuna kudekha. Pondani kiki pang'onopang'ono mpaka ilimbe. Kokani kaliva, mutsitse kiki pang'ono chabe kuti pisitoni ingodutsa pamwamba penipeni, siyani kaliva, bwezani kiki m'mwamba, kenako pondani kamodzi ndi thupi lonse mpaka pansi, dzanja lisakhudze moto. Mukatero pisitoni imakhala ndi mtunda wautali wotolera liwiro isanakumanenso ndi mpweya wopanikizika.

Ine zimandimvetsa chisoni kuona injini yabwinobwino itamasulidwa, zitsulo zili mbwee pa chiguduli, pamene vuto linali kebulo. Kebulo ikakungika kwambiri, valavu sikhala pansi bwinobwino. Zili ngati chala chimene sichikutseka bowo: kiki imangogwa yopepuka, njinga silira, ndipo mwini wake amafulumira kunena kuti maring'i atha. Ikapezeka kuti yalira, moto umadutsa pa mpatawo n'kumadya mlomo wa valavu mpaka kuiwononga zenizeni. Kebulo ikakhwepa kapena kuduka, chala sichichokanso pa bowo, ndiye kiki imauma gwa. Choncho musanagwire sipanala yaikulu, gwedezani ndi chala kamkono ka dikompuresa komwe kali pa mutu wa injini. Kayenera kusewera pang'ono, milimita imodzi kapena awiri, kasanayambe kukankha valavu.

Apa pali dongosolo limene ambiri amalidumpha. Yambani ndi mpata wa mavalavu, injini itazizira, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse atatseka, pa muyeso wa m'buku la njingayo. Kebulo ibwere pambuyo, chifukwa mukasintha mpata wa valavu ya ekizozi, kasewero ka dikompuresa nakonso kamasintha. Valavu yopanda mpata imathawitsa mpweya ngakhale kebulo ili bwino. Ngati zonsezi zili m'malo koma kiki ikadali yopepuka, thirani kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi. Ikalemerako, ndi maring'i. Ikapanda kusintha, ndi mavalavu.

Kubweza kwa kiki ndiko kumathyola akakolo. Kumachitika moto ukayaka pisitoni isanadutse pamwamba, ilibe liwiro lokwanira, ndiye imabwerera ngati pampu ija, koma tsopano ndi mphamvu ya petulo. Zoyambitsa zake ndi kuponda mwamantha, kutsegula moto poponda, kapena taiming'i yofulumira. Pa XT500 ya mapointi, yang'ananinso tizitsulo tosuntha taiming'i kuseri kwa mapointiwo, chifukwa tikagwira dzimbiri timatha kukanirira potseguka.

Kiki ikamaterereka ndi phokoso la kwerere, injini osazungulira, mano a mkati atha kapena sipuling'i yawo yafooka. Ikakana kubwerera m'mwamba, yaduka ndi sipuling'i yobweza. Ikamagwedera pa shafiti, mangitsani bawuti yake lero lomwe, mano a shafiti asanaphwe. Kuwotcherera kiki ku shafiti kumaoneka kotchipa, koma kutentha kumapsereza silu ya oyilo, ndipo tsiku lotsegula kavala ya kilatchi mudzayamba mwadula shafitiyo.