Ufa woyera wa nkhuku zathu

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa la kuno ku Tete limaotcha. Nkhuku za koperativa zimangoyasama kukamwa, sizidya bwino, mazira amachepa. Nkhuku imadzipangira yokha vitamini C, koma kukatentha chotere sakwanira. Ndiye timathira ufa woyera m'madzi ake akumwa. Pa paketi analemba kuti ascorbato de sódio. Ndi mchere wa vitamini C.

Chaka chatha theka la ufawu tinataya. Tinausiya pawindo, m'chitini chosavundikira. Mvula itayamba unagwira chinyezi, unaumbana, nusanduka wachikasu, kenaka wofiirira. Mphamvu inali itatha. Ndalama zathu za mazira zinapita choncho, anzathu!

Ufawu sugwirizana ndi dzuwa, kutentha, chinyezi ndi mpweya. Tsopano timausunga m'botolo louma, lotseka zolimba, pamdima, kutali ndi moto. Timatapa ndi supuni youma ya pulasitiki, popeza dzimbiri limauononga. Tikasungunula, ndi wa tsiku lomwelo basi.

Si poizoni ayi, koma fumbi lake limayabwa m'maso. Likalowa, tsukani ndi madzi ambiri. Munthu wamkulu akapyola magalamu 2 pa tsiku akhoza kutsegula m'mimba. Nanji mwana, akaunyambita ngati shuga?

Choopsa kwambiri ndi kusokoneza. Feteleza wa ureya ndi woyera. Mankhwala ena ophera tizilombo ndi oyeranso. Kale ena a ife tinkachita kulawa kuti tizindikire. Lero sitilawanso. Pa botolo tinalemba tokha ndi zilembo zazikulu: VITAMINI C WA NKHUKU. Pansi pake tinalemba tsiku limene tinatsegula paketi.