Mfuti pa Nthawi ya Tsoka: Zimene Lamulo Likunena ku Mchinji

Ku Malawi, munthu amakhala ndi mfuti pokhapokha boma litamulola. Malamulo aakulu a dziko lino satchula ufulu wosunga mfuti, mosiyana ndi a dziko la America. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti mfuti iliyonse ilembetsedwe kupolisi ndipo mwiniwake akhale ndi laisensi.

Nkhaniyi imavuta ku Mchinji, boma lochita malire ndi Zambia komanso Mozambique. Chipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe atsogoleri a Malawi ndi Zambia pa nthawiyo, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adatsegulira mu 2022, chili ndi alonda, koma njira zachidule zodutsa m'minda ndi zambirimbiri. Nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, mfuti za AK-47 zidamwazikana m'maiko oyandikana nawo.

Njala ikavuta, akuba chimanga ndi ng'ombe amachuluka, ndipo ena amalakalaka mfuti. Komatu chilala kapena kusefukira kwa madzi sikuimitsa lamulo. Munthu amaloledwa kudziteteza, koma mphamvu zake zilingane ndi chiopsezo. Kuwombera wakuba yemwe akuthawa kale kumafikitsa wowomberayo kukhoti. Wopezeka ndi mfuti yopanda chilolezo amamangidwa, ngakhale anene kuti amalondera nkhokwe.