Kanthu Kokwawa pa Chipika Chowola

Mvula ikakhazikika kuno ku Mwanza, pamene amayi ayala utale ndi ndelema m'mbali mwa msewu wopita kumalire, ine ndimakonda kulowera kunkhalango ya Thambani, kumene pa zipika zowola ndimapeza kanthu kachikasu, konanda ngati phala la dzungu, kamene ambiri amakayesa nkhungu kapena bowa wolephera. Komatu si bowa ayi, pakuti kamakwawa mwakachetechete, nikadya tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo chakudya chikatha kamauma, nikabala timitu todzala ndi fumbi la mbewu zake.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodekha wotere anali Arthur Lister wa ku England, munthu wamalonda a vinyo, amene pokonda chabe zolengedwa zimenezi anazilembera buku mu 1894, limene mwana wake wamkazi, Gulielma, analikonzanso mu 1911 ndi 1925, atajambula zithunzi ndi dzanja lake.

Chimene chimandizizwitsa ine n'chakuti mu 2000 Toshiyuki Nakagaki wa ku Japan anaika mtundu wina wa kanthu kameneka, Physarum, m'tinjira tosokoneza, ndipo iko, kopanda ubongo, kanapeza njira yachidule yofikira chakudya.