Nyumba yonse pa njinga: momwe opalasa m'mapiri a Rocky amanyamulira katundu wawo

Chaka chilichonse m'mwezi wa June, anthu opalasa njinga amasonkhana m'tauni ya Banff, m'dziko la Canada, kudzayamba mpikisano wotchedwa Tour Divide. Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 4,300, ndipo umatsata mapiri a Rocky mpaka kukafika ku Antelope Wells, pamalire a dziko la America ndi Mexico. Gawo lalikulu la njirayi ndi misewu ya fumbi ndi miyala, ndiponso tinjira ta m'nkhalango.

Lamulo lalikulu la mpikisanowu ndi lakuti aliyense adzidalire yekha. Palibe galimoto yomutsata pambuyo, ndipo palibe m'bale womudikira panjira ndi chakudya. Wopalasa amaloledwa kugula zinthu m'sitolo, kugona m'nyumba ya alendo kapena kukonzetsa njinga pamalo pamene wina aliyense angapeze thandizo lomwelo. Zina zonse, kuyambira pogona mpaka madzi akumwa, zimayenera kukwana pa njinga imodzi. N'chifukwa chake kalongedzedwe ka katundu ndi kofunika mofanana ndi mphamvu za m'miyendo.

Chifukwa chiyani ambiri sagwiritsa ntchito kaliyala?

Aliyense amene anaonapo njinga itasenza thumba la chimanga kapena la makala amadziwa kuti kaliyala amapirira katundu wolemera. Kwa zaka zambiri, oyenda maulendo ataliatali pa njinga ankamangirira zikwama ziwiri zikuluzikulu m'mbali mwa kaliyala, ndipo pa msewu wa phula njira imeneyi ikugwirabe ntchito bwino.

Kuphiri zinthu zimasintha. Njinga ikamadumpha miyala tsiku lonse, mabawuti a kaliyala amamasuka, ndipo nthawi zina chitsulo chenichenicho chimathyoka. Zikwama za m'mbali zimakodwa m'zitsamba ndi m'matanthwe pamene njira yapanikiza. Pa chitunda chimene sichikwereka, munthu amatsika n'kuyamba kukankha njinga, ndipo zikwamazo zimamugunda m'miyendo. Komanso katundu yense akaunjikana kumbuyo, tayala la kutsogolo limapepuka, moti pokwera phiri limanyamuka ndipo njinga imavuta kuiwongolera.

Pothana ndi mavuto amenewa, opalasa anayamba kugwiritsa ntchito zikwama za nsalu yolimba zomangirira ndi malamba pa njinga penipenipo. Kayendedwe kameneka pa Chingerezi amakatcha bikepacking.

Malo atatu a katundu

Malo oyamba ndi mpata wa makona atatu umene uli pakati pa felemu. Apa ndi pamene pamakhala zolemera kwambiri: madzi, zipangizo zokonzera njinga, pampu ndi chakudya cholemera. Chifukwa chake ndi chakuti kulemera kukakhala pakati ndiponso m'munsi, njinga siyepeka ndipo imamvera poikhotetsa.

Malo achiwiri ndi kunsi kwa chishalo, kumene chikwama chachitali chimaloza kumbuyo ngati mchira. Muno mumalowa zinthu zopepuka koma zodya malo, monga zovala za usiku ndi jekete la mvula. Chikwamachi chikalemera kapena chikapanda kuthinitsidwa, chimagwedezeka uku ndi uku munthu akaimirira pa mapedulo. Odziwa amaika zolemerako pafupi ndi chishalo, zopepuka kumapeto.

Malo achitatu ndi pa chiwongolero. Apa amamangapo mpukutu wa tenti, mphasa yopopa ndi chofunda chokhala ngati thumba. Chofunika kusamala ndi chakuti mpukutuwo usapinde zingwe za mabuleki ndi magiya, ndiponso usakhudze tayala njinga ikagwera m'dzenje. Timatumba ting'onoting'ono ta pafupi ndi manja timasunga zodya za panjira, foni ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa, kuti munthu asamaime pafupipafupi.

Chikwama cha kumsana ambiri amachipewa, kapena amanyamula chaching'ono. Kulemera kulikonse kwa pamsana kumatsikira pa chishalo, ndipo pakatha masiku angapo kumabweretsa zilonda pamalo okhalira ndi kupweteka kwa mapewa.

Madzi ndiwo katundu weniweni

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndipo palibe luso limene lingaichepetse. Kumpoto kwa njirayi, ku Canada ndi ku Montana, mitsinje ndi yambiri, choncho wopalasa amanyamula madzi ochepa pamodzi ndi sefa kapena mapiritsi ophera tizilombo. Koma ku Wyoming kuli chigwa chotchedwa Great Divide Basin, kumene munthu amayenda makilomita oposa 100 popanda mthunzi, popanda sitolo, ndipo malo otungapo madzi ndi owerengeka. Ku New Mexico nakonso kumatentha ndipo midzi ndi yotalikirana.

M'madera otere opalasa amawonjezera mabotolo m'mbali mwa foloko ya kutsogolo ndi kunsi kwa felemu. Njinga imene inali yopepuka dzulo imalemera mwadzidzidzi ndi makilogalamu angapo. Wolongedza bwino amasiyiratu malo a madzi amenewa asananyamuke, m'malo modzaza chikwama chilichonse mpaka pakamwa.

Kupepuka kuli ndi malire

Mu 2016, Mike Hall wa ku Britain anamaliza mpikisanowu m'masiku 13, maola 22 ndi mphindi 51, kutanthauza makilomita oposa 300 pa tsiku. Othamanga a mtundu umenewu amagona maola ochepa, ambiri sanyamula tenti kapena mbaula, ndipo amadya zogula m'masitolo a panjira. Anthu wamba, amene amayenda njira yomweyi mosathamanga, amatenga mwezi ndi theka kapena kuposerapo, ndipo amafuna pogona pabwino ndi chophikira. Kutengera katundu wa katswiri popanda liwiro lake n'kudziika pangozi, chifukwa katswiri amafika m'tauni usiku womwewo pamene wina agona kuthengo.

Pali zinthu zimene sizisiyidwa ngakhale munthu atafuna kupepukidwa motani. Malo okwera kwambiri pa njirayi, Indiana Pass ku Colorado, ali pa mamita oposa 3,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mapiri otere chipale chofewa chimapezeka ngakhale mu June. Munthu akanyowa ndi mvula kenako n'kuombedwa ndi mphepo potsetsereka, thupi limazizira msanga mpaka kulephera kuganiza bwino. Choncho jekete la mvula, magolovesi ndi zovala zouma zogonera zimasungidwa m'matumba osalowa madzi.

Zipangizo zokonzera njinga nazonso sizisiyidwa: chubu chapadera, zigamba, pampu, kachida kodulira tcheni, mfundo ya tcheni yapadera ndi mabuleki osinthira. Ambiri amagwiritsa ntchito matayala opanda chubu, okhala ndi mankhwala amadzimadzi amene amatseka okha tizibowo ta minga, komabe tayala likang'ambika ndi mwala chubu ndi chimene chimapulumutsa. Pofuna magetsi a nyali ndi a kachipangizo kolozera njira, ena amaika dayinamo pakati pa gudumu la kutsogolo.

Chakudya ndi zimbalangondo

Kumpoto kwa njirayi kumakhala zimbalangondo zikuluzikulu za mtundu wa grizzly, zimene zimamva fungo la chakudya kuchokera kutali. Opalasa amanyamula mankhwala opopera a tsabola othamangitsira nyamazi, ndipo amawaika pamalo pamene dzanja lingafike msanga. Usiku chakudya, mankhwala otsukira mano ndi chilichonse chonunkhira chimapachikidwa mumtengo kapena kutsekeredwa m'bokosi lachitsulo kutali ndi pogona.

Kufunika kwa zimenezi kunaoneka mu July 2021, pamene mayi wina amene anali pa ulendo wa njinga anaphedwa ndi chimbalangondo atagona mu tenti m'katauni ka Ovando ku Montana, kamene kali pa njira yomweyi. Ofufuza anapeza kuti nyamayo inali itazolowera chakudya cha anthu, ndipo fungo la zakudya mu tentimo ndi pafupi nayo liyenera kuti ndi limene linaikopa.

Yesani musananyamuke

Amene anayendapo maulendo otere amalangiza kuti munthu ayambe wamanga katundu yense, apalase tsiku limodzi pa msewu woipa, agone kunja usiku umodzi, kenako abwerere. Pamenepo ndi pamene amazindikira lamba limene likukhula utoto wa felemu, chikwama chimene chikugunda mawondo, ndi zinthu zimene sanazikhudze n'komwe.

Ngakhale atatero, ambiri amanyamukabe ndi katundu wochuluka. Si zachilendo kuona wopalasa ali pa positi ofesi ya m'katauni kena ka ku Montana, patangotha masiku ochepa chiyambire ulendo, akulongedza m'katoni malaya achiwiri, buku ndi mphika kuti azitumize kwawo.