Chifukwa Chake Khoti Lalikulu Lili ndi Makomo Ambiri

Munthu wa ku Rufunsa amene mlandu wake wakula mpaka kufika ku khoti lalikulu ku Lusaka, pa msewu wa Independence Avenue, amadabwa kuona kuti woweruza salowera khomo limene anthu onse alowera. Pa bwalo la mfumu, monga kwa Mpanshya kapena kwa Bunda Bunda, onse amafikira njira imodzi, koma nyumba ya khoti imamangidwa kuti magulu atatu asakumane asanafike m'chipinda choweruzira: woweruza amachokera ku ofesi yake kuseri, woimbidwa mlandu amatuluka m'chitokosi ali ndi womulondera, ndipo mboni ndi achibale amalowera kutsogolo. Cholinga chake n'chakuti pasapezeke mpata woopseza mboni kapena wonong'oneza woweruza m'khonde.

Mkati namonso kutalika kwa mipando kuli ndi tanthauzo. Woweruza amakhala pamwamba kuti aone nkhope ya aliyense, pamene mboni imaima pambali m'kabokosi kake, kuti mawu ake amveke kwa maloya ndi kwa wolemba. Zipilala ndi masitepe akunja n'zokometsera chabe. Khoti lomangidwa bwino limadziwika ndi makomo ake.